Malo a Pambali pa Kamvula

Ine mawu a Chingerezi sindiphunzitsa pongowalemba pabolodi ayi. Mwana ukamuuza kuti beside ndi pambali, agwedeza mutu ngati wamva, koma mawa umufunse, akuyang'ana kudenga. Umuimike pambali pa mnzake amene anamenyana naye dzulo, mapewa n'kugundana, liwu limenelo adzafa nalo. N'chifukwa chake m'kalasi mwanga simukhalika: timaimirira, timayenda, timakwawa pansi pa madesiki ngati liwu la tsikulo likufuna zimenezo. Aphunzitsi anzanga amati ndikuyendetsa msika. Ana amanditcha Madamu Tsabola, ndipo amayesa sindidziwa. Ndimadziwa bwino, dzinalo ndimalikondanso.

Sabata imene ndikufuna kukusimbiraniyi tinali pa mawu onena za kukhala moyandikana. Eni chiyankhulochi ali nawo ambirimbiri, kaya anawaunjikiranji. Beside ndi next to sanativute: choko pambali pa dasitala, iwe pambali pa mnzako, pakati popanda kanthu. Alongside tinakaphunzirira kumpanda, chifukwa limakonda zinthu zazitali zotsatana m'mbali, monga ngalande ndi msewu. Koma limene ana analikondetsa ndi abreast, kuyenda anthu awiri mapewa ali pamzere umodzi, nkhope zaloza kumodzi, popanda wotsogola kapena wotsalira. Tinkatuluka m'kalasi awiriawiri mpaka pamtengo wa kugeti, n'kubwerera. Kuti pasakhale chipwirikiti ndinaika lamulo, ndipo ndinalibwereza mpaka linawalowa m'mafupa: wopanda mnzake pambali sadzuka pampando.

Vuto n'lakuti ana anga akagawana awiriawiri, mmodzi amatsala. Ndipo wotsalayo sankasintha.

Ameneyo ndi mwana wa achimwene anga. Mayi ake anamwalira chaka chatha, ndipo achimwenewo amayendetsa lole, kunyumba amangofikako kudzasintha malaya. Anabwera naye kwa ine ndi kachikwama kamodzi, nati, "Achemwali, ine ndilibe pomusiya. Mwanayu ndi wanu." Kamtsikana kochepa thupi, ka maso aakulu, kosayankhula mpaka ukafunse kawiri. Kunyumba ndine azakhali ake, ndimamupesa tsitsi, ndimamumangira zingwe za nsapato. Koma ndinamuuza tsiku loyamba kuti tikangolowa pageti la sukulu, ine ndine Madamu basi. Makolo a masiku ano ali ndi pakamwa. Mwana wa mphunzitsi akakhoza mayeso amati wachita kupatsidwa. Moti ana ambiri sankadziwa n'komwe kuti ndi magazi anga.

Sabata yake yoyamba anachita ngozi. Anafuna kupita kuchimbudzi, koma m'phunziro langa munthu amapempha m'Chingerezi, ndipo iye mawuwo anamuthawa. Anapirira mpaka zinakanika. Kuyambira tsikulo anzake anamupatsa dzina loti Kamvula, ndipo desiki yake ya anthu awiri, yakumbuyo kwenikweni pafupi ndi khoma, inasanduka ya munthu mmodzi. Ndinakalipa, ndinalanga, ndinawasesetsa bwalo lonse. Ndikakhazikapo wina mokakamiza, ankakhalira kumapeto kwa benchi, tako limodzi lili m'malere, mphuno atatsina. Ndinaona kuti ndikungomuwonjezera manyazi mwanayo, ndiye ndinasiya. Pa abreast anzake ankatuluka awiriawiri, iye n'kudikira mpaka ndinene kuti, "Iwe, bwera pambuyo."

Tsiku lina tikutsuka mbale kunyumba anandifunsa, "Azakhali, kodi abreast munthu angachite yekha?"

"Ayi, pamafunika awiri."

Anangoti, "Oo," n'kupitiriza kutsukuluza makapu.

Tsiku limene ndikunenali kunatentha kuyambira m'mawa, malata akuchita kuthetheka okha. Linatsala liwu limodzi, adjacent, ndipo ndinali nditalisungira chitsanzo chabwino. Kuseri kwa khoma lakumbuyo la kalasi yathu kuli chipinda cha katundu. Muli madesiki othyoka, mipira yophwa, mabuku akale, ndi makoswe amene adya maphunziro ambiri kuposa ana anga onse. M'munsi mwa khomalo muli una umene makoswewo anaboola. Ndinali nditawauza a Hedi kangapo konse kuti utsekedwe, ndipo yankho lawo linali lomwe lija la masiku onse, lakuti tiona.

"Zipinda ziwiri zikagawana khoma limodzi," ndinatero ndikuyenda pakati pa madesiki kulowera kumbuyo, "timati zili adjacent. Nenani nonse."

"Adjacent!"

"Kalasi yathu ndi chipinda cha katundu zagawana khoma ili."

Ndinakweza dzanja kuti ndilimenye khomalo mbama, monga ndimachitira pofuna kudzutsa osinza. Mwamwayi maso anga anatsika pansi dzanja lisanafike.

Inali itagona motsata khoma, mchira udakali pafupi ndi una. Yaifupi, yonenepa ngati mkono wanga, mawanga ake ngati masamba ouma, mutu wophwatalala. Mphiri. Mutuwo unali pambali pa nsapato ya mwana wa achimwene anga, mpata wake wosakwana chikhatho.

Dzanja langa linatsala m'mwamba. Ndinayang'ana mwanayo. Anali atawongoka msana, manja onse ali padesiki, maso pabolodi, thukuta lili kamukamu. Sanandicheukire n'komwe, ndipo apo ndinazindikira kuti akudziwa.

Mukanakhala inu mukanakuwa, ndipo sindikanakudzudzulani. Koma ine ana angawa ndimawadziwa. Tsiku lina buluzi anagwa kuchokera kudenga, kalasi yonse inakhamukira pakhomo, madesiki kugubuduka, mwana wina anasiya dzino pasimenti. Amene uja anali buluzi chabe. Ndikanangotchula kuti njoka, wina akanaiponda, kapena desiki ikanaigwera, ndipo mphiri ikadzidzimuka sifunsa kuti wayamba ndani. Imaluma chimene chili pafupi, ndipo pafupi panali mwendo wa mwana wa achimwene.

Ndinatsitsa dzanja pang'onopang'ono n'kubwerera chafutambuyo mpaka kubolodi.

"Madamu, bwanji simunalimenye khoma?"

Ameneyo ndi Wailesi, mtsikana wokhala desiki ya kutsogolo kwa mwanayo. Dzinalo anamupatsa anzake chifukwa satseka pakamwa, ndipo lamulo loyankhula Chingerezi m'phunziro langa iye silimugwira. Ndi yemweyo amene anayambitsa dzina la Kamvula. Miyendo yake inkagwedezeka pansi pa desiki monga mwa nthawi zonse.

"Wailesi, miyendo imeneyo iime."

"Madamu, mwatuluka thukuta."

"Kwatentha. Ukayankhulanso ukaonana ndi a Hedi."

Mawu anga ankatuluka bwinobwino, kaya ankachokera kuti. "Siyani mabuku pomwe alipo. Tichitanso abreast, koma lero tiyenda ngati amphaka. Amene ndimve nsapato yake kapena benchi yake ikulira, atsuka zimbudzi mpaka teremu ithe. Tiyambira akumbuyo."

Anasangalala, osadziwa kanthu. Anadzuka awiriawiri, akunyang'ama, ena atagwira pakamwa kubisa kuseka. Ine ndinaima pakhomo, nkhope ikumwetulira mokakamiza.

Kunali chinanso chondidya mumtima, belu. Nthawi yopuma inali pafupi. Belu lathu ndi chitsulo cha gudumu la lole, chopachikidwa pakhonde, pa mtanda umene walowa m'khoma la kalasi yanga. Likalira khoma limanjenjemera, fumbi n'kuyoyoka, kenako sukulu yonse n'kudutsa pakhondepo ikuthamanga. Amaliimba ndi achiwiri kwa a Hedi, bambo amene timawatcha a Wotchi, chifukwa ngakhale denga litagwa iwo nthawi ya belu saphonya.

Wailesi atafika pakhomo ndinamugwira mkono. Pa ana onse ndi iye yekha amene saopa a Wotchi.

"Tamvera," ndinanong'ona. "Thamanga kwa aphunzitsi a belu, ukawauze kuti asaimbe. Pansi pa desiki ya mnzako pali njoka. Ukakuwa, wamupha ndiwe."

Anatembenuka, anawerama pang'ono, n'kuiona. Anavula nsapato n'kuzisiya pakhomo pomwepo, nathamanga ndi masokosi.

Ndinkawerengera kuti a kutsogolo kwake akachoka, mwanayo asendera pang'onopang'ono ku mbali ya benchi yopanda munthu, kutali ndi khoma, n'kutuluka nawo limodzi. Njira inalipo, ndipo nthawi imeneyo njokayo inali isanamukhudze. Ndinamukodola ndi maso, ndinamukodola ndi chibwano. Anandiyang'ana, anayang'ana malo opanda munthu pambali pake, n'kukhala chomwecho.

Mayo ine! Wopanda mnzake pambali sadzuka pampando. Lamulo limeneli ndinali nditaliimba sabata yonse, ndipo mwa ana onsewo iye ndi amene sanaphwanyepo lamulo langa ngakhale limodzi.

Awiri omaliza atatuluka ndinawalozera kumtengo, ndipo m'kalasi munatsala ine, iye ndi chinthucho.

"Iwe, bwera pambuyo," ndinatero motsitsa. "Sendera pang'onopang'ono."

Anapukusa mutu pang'ono zedi. Ndinawerama n'kusuzumira pakati pa miyendo ya madesiki. Kuyenda kwa anzake kuja, ngakhale kunali konyang'ama, njokayo inakumva m'simenti. Inali itasuntha, ndipo khosi lake linali litagona pamwamba pa nsapato ya mwanayo, lilime likutuluka n'kulowa.

Ndinaganiza zonse. Kumunyamula mwadzidzidzi? Mphiri imaoneka yaulesi, koma poluma ilibe mnzake kufulumira. Kuimenya? Ndodo yanga yolozera pabolodi ndi kabango kosapha ngakhale mphemvu. Kuti asolole phazi m'nsapato? Zingwe ndinamanga ndekha m'mawa, mfundo pamwamba pa mfundo inzake, chifukwa amakonda kupunthwa nazo. Ndinawatukwana manja angawa.

Ndiye ndinaona bondo lake. Linali litayamba kunjenjemera. Mwana anali atapirira yekha nthawi yaitali, mphamvu zinkamuthera, ndipo bondo likanjenjemera phazi limatsatira.

Ndinavula nsapato zanga, chifukwa zidendene zake zimagogoda, n'kuyenda ndi mapazi okha. Kuchokera kubolodi kukafika kumbuyo kwa kalasi ndi pafupi, ndimayendapo tsiku lonse, koma tsiku limenelo ndinkamva kamchenga kalikonse pansi pa phazi. Ndinkaopa, ndisakunamizeni. Ine njoka ngakhale ya pachithunzi m'buku la sayansi, tsambalo ndimalitembenuza mothamanga. Nditafika ndinadzitsitsa pabenchipo pang'onopang'ono ngati wodwala msana, pamalo paja panalibe wofuna kukhalapo. Benchi inalira pang'ono kuti kwii. Tonse tinasiya kupuma. Njokayo sinasunthe.

Ndinaika dzanja pabondo lake n'kulikanikiza pansi. Linali lozizira ngati lotuluka m'madzi.

"Mama," ndinanong'ona, mmene ndimamuitanira kunyumba kokha. "Ndabwera. Usayang'ane pansi, yang'ana pabolodi."

"Madamu, ikulemera."

"Ndikudziwa. Ichoka yokha ikatopa. Unaiona liti?"

"Pamene mumafufuta pabolodi."

Kumeneko kunali kumayambiriro kwenikweni kwa phunziro. "Nanga bwanji sunanene?"

"Sindikulidziwa dzina lake m'Chingerezi."

Zinandipweteka kwambiri, moti pakanapanda njokayo ndikanalira mokweza pomwepo. Koma nthawi yolira panalibe, bondo linkalimbana ndi dzanja langa. Ndinafunika kumuchotsa maganizo pansi pa desiki, ndipo m'mutu mwanga munalibe nyimbo, munalibe pemphero, munangotsala phunziro lokha.

"Tiye tibwereze. Ine ndi iwe pano takhala bwanji?"

"Beside."

"Liwu lina?"

"Next to."

"Ndiwe katswiri. Nanga ngalande ndi msewu?"

"Alongside."

"Ife awiri tikadzuka n'kuyenda limodzi, mapewa pamzere umodzi?"

"Abreast. Koma ine sindinachitepo."

"Lero uchita."

Bondo linayamba kufatsa. Ndiye ndinamva nsapato pakhonde, go, go, go, mayendedwe a a Wotchi. Wailesi anali atawaphonya, iye analowera ku ofesi pamene iwo ankachokera mbali ina. Pazenera ndinawaona bwinobwino, chitsulo choimbira chili m'manja, maso ali pa wotchi ya pamkono. Kukuwa sindikanatha. Ndinakweza dzanja linalo n'kuligwedeza m'mwamba, koma bambo amenewo nthawi ikakwana saona munthu. Anakweza chitsulo.

Wailesi anatulukira ngati mphepo n'kudzikoleka pamkono wawo, miyendo ili m'malere.

"Aphunzitsi, musaimbe!"

"Iwe! Wapenga? Tandisiya!"

"Muli njoka, aphunzitsi, musaimbe, ndapota nanu!"

Polimbanapo chitsulo chinapulumuka n'kukhudza belu. Kamodzi kokha, mopepuka, ngwee. Kunjenjemera kwake ndinakumva m'benchi, kukukwera ndi msana wanga.

Mphiri inafufuma. Amene simunamvepo kupuma kwake, musadzakumve. Kuli ngati tayala la njinga likuphwa, koma kosatha. Inachotsa khosi pansapato n'kulipinda chambuyo, mutu utaloza pa sokosi yoyera ya mwanayo. Ndinakanikiza bondo ndi mphamvu zanga zonse mpaka zikhadabo zinalowa. M'maso mwanga munabwera achimwene ataima pakhomo panga ndi kachikwama kaja. Ndikawauza chiyani? Kuti mwana wanu ndinali naye pafupi chonchi, dzanja langa lili pa iye? Chipatala chili kutsidya kwa tauni, ndipo kamwendo kameneka n'kochepa ngati mpini wa tsache.

Sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Ntchentche inatera pamlomo panga, inayendayenda, inauluka. Kunja sukulu yonse inali zii. A Wotchi, Mulungu awadalitse, anali atalikumbatira belu lija ndi manja awiri kuti lisiye kulira. Mazenera anadzaza mitu: a Hedi, aphunzitsi, ana anga amene anali atabwerako kumtengo, ndi alonda atanyamula mtengo wautali. Alondawo anaponda pakhomo kuti alowe. Ndinawaponyera diso lija ana amalidziwa, ndipo anabweza phazi.

Pang'onopang'ono kufufuma kunatsika. Mutu unagwa pansi. Njokayo inayamba kuyenda, osati mokhotakhota ngati zinzake, koma molunjika, ngati chimbozi chachikulu. Inasiya nsapato ya mwanayo. Ndinati zikomo Ambuye mumtima. Kenako ndinaona kumene ikulowera, ndipo kunali kumapazi anga opanda nsapato.

Lilime ndi limene linayamba kundikhudza pachala chachikulu. Kenako kulemera. Ine ndinkayesa njoka ndi yoterera, yonyowa. Ayi ndithu, ndi youma, yokhakhala, yozizira, ndipo mimba yake imagwira khungu n'kumalikoka pang'onopang'ono. Inakwera phazi lamanzere, inafika pakati pa thupi lake, n'kuima. Malo onsewo m'kalasi, inasankha kupumira pa ine.

Thupi langa linandikana. Ndinamva kutentha kukutsika m'ntchafu, kudutsa pabenchi, n'kuyamba kudontha pasimenti kuseri kwa zidendene zanga, do, do, do. Ine, Madamu Tsabola, mayi wamkulu ndi imvi zoyamba kale. Sindinathe kuziletsa. Manyazi anabwera pambuyo, nthawi imeneyo ndinkangoopa kuti madziwo aifikira n'kuikwiyitsa. Ndipo bondo limene linayamba kuvina tsopano linali langa.

Kadzanja kozizira kanatera pabondopo n'kukanikiza.

"Azakhali," ananong'ona. Pasukulu anali asananditchulepo choncho. "Musayang'ane pansi. Choko ndi dasitala zakhala bwanji?"

Ndinayang'ana patebulo langa kutsogolo. Zinalidi pomwe ndinazisiya. "Beside," ndinatero.

"Liwu lina?"

"Next to."

"Kalasi yathu ndi chipinda cha katundu?"

"Adjacent."

"Ndinu katswiri," anatero.

Ndinamva kulemera kukusuntha. Inatsika paphazi, inakhota kuseri kwa benchi ikulambalala madzi aja, n'kutsata khoma. Mutu unalowa mu una, thupi lonenepalo linadzikoka movutikira, kenako kamchira. Alonda analowa ndi liwiro, anatseka unawo ndi njerwa, nathamangira kuseri kukathana nayo m'chipinda cha katundu.

Anthu anakhamukira m'kati. A Hedi ankafunsa mafunso osadikira mayankho. Aphunzitsi ena ankalira, ena ankayamika Mulungu. Ine kudzuka kunandikanika. Ndiye phokoso linayamba kuzilala, kuyambira kwa ana amene anali kutsogolo, ndipo ndinaona maso awo akutsikira pansi pa benchi. Chithaphwi chinali chitafalikira mpaka pakati pa madesiki.

Wina anaseka pamphuno. Wina kumbuyo ananena motsitsa, koma tonse tinamva: "Kamvula wagwetsanso."

Siketi yanga inali yakuda, yokhuthala, munthu sakanaonapo kanthu. Mbali ina ya yunifolomu ya mwanayo inali itanyowadi, chifukwa benchi ndi imodzi. Iye anaona zonsezo ine ndisanazione. Anadzuka n'kuima pakati pa ine ndi anzake, mutu ataweramitsa monga tsiku loyamba lija.

"Pepani, Madamu," anatero mokweza kuti onse amve. "Ndine. Ndikolopa."

Mwana wosayankhula mpaka umufunse kawiri! Ndikanangokhala chete nkhani ikanathera pomwepo, ndipo palibe akanadabwa. Ndinamva mantha ena, osiyana ndi a njoka aja. A Hedi ali apo, a Wotchi ali apo, ndi ana amene ndiyenera kudzaima pamaso pawo mawa ndi choko m'manja.

Ndinagwira desiki n'kudzikoka mpaka ndinaima.

"Akunama," ndinatero. "Wakodza ndine. Njoka inali paphazi panga ndipo ndinachita mantha. Uyu inamugonera nthawi yaitali kuposa ine, sanagwedezeke, sanadonthetse kanthu. Wofuna kuseka aseke ine, ndili pano."

Palibe anaseka. A Wotchi anayang'ana kudenga, a Hedi anatsokomola.

"Ndipo mumve nonse. Uyu ndi mwana wa achimwene anga. Ndine azakhali ake, kunyumba ndi kuno komwe."

Wailesi anadzipanikiza mpaka kutsogolo, masokosi ali bii ndi fumbi, juzi ili m'manja. Anandipatsa osandiyang'ana kumaso. "Mumange m'chiuno, Madamu." Kenako anatembenukira mwanayo. Anangotola chikwama chake cha mabuku pabenchi n'kumunyamulira.

"Tiye, mama," ndinatero.

Anabwerera m'mbuyo kuti ine nditsogole, iye abwere pambuyo monga anazolowera. Ndinamugwira dzanja n'kumukokera pambali panga. Anthu anatipatukira, ndipo tinayenda pakati pa madesiki, ine wopanda nsapato, mapazi akusiya zidindo zonyowa pasimenti.

Khomo la kalasi yathu ndi lopapatiza. Ana awiri amakwanapo, koma ine ndi thupi langali ayi. Tinapanikizana mpaka phewa langa linakhula pafelemu n'kusupuka, koma sindinamulole kuti atsogole kapena kutsalira.